Kusankha rauta ya magemu apaintaneti: yesani kaye musanatulutse ndalama

Madandaulo a anthu osewera magemu apaintaneti ndi amodzimodzi kulikonse. Wina akuti anayamba ndi iye kuwombera koma wagwa ndi iye yemwe. Wina akuti anadina batani lopatsira mpira, wosewera wake n'kuchedwa kuponya phazi mpaka mdani kulanda. Pakhomo zikafika pamenepa, mlandu umagwera kabokosi kophethira timagetsi kali pakabati kaja, ndipo mwana amayamba kunyengerera makolo kuti agule rauta ina, ya tinyanga tambirimbiri, yolembedwa mawu akuti Gaming pakatoni. Nthawi zina mwanayo amakhala akunena zoona. Koma kawirikawiri ndalama zimangopita, vuto n'kukhala pomwepo, chifukwa rauta imalamulira kachigawo kochepa chabe ka ulendo umene uthenga wa gemu umayenda.

Gemu ikamaseweredwa siidya intaneti yambiri. Mabwalo, magalimoto, mfuti ndi nkhope za osewera zili kale m'makina anu. Zimene zimayenda pa intaneti ndi timauthenga ting'onoting'ono tonena kuti uje wasunthira kumanzere, uje walumpha, mpira uli apa. Magemu ambiri safika ngakhale pa 1 Mbps, pamene kanema mmodzi wa pa YouTube wooneka bwino amadya kangapo kuposa pamenepo. Chimene gemu imafuna n'chakuti timauthengato tizipita ndi kubwera msanga, ndiponso mosasinthasintha. Nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ya gemu ndi kubwerako ndiyo osewera amaitchula kuti ping, ndipo imawerengedwa m'mamilisekondi; mamilisekondi 1,000 ndiwo sekondi imodzi. Ping ya 40 ndi yabwino. Ya 100 munthu amasewera nayo, ngakhale kuti pa magemu owomberana amayamba kuimva m'zala. Yopweteka kwambiri ndi yosakhazikika, imene pano ili pa 60, pakamphindi yalumphira pa 400, kenako yabwerera. Kuchedwa kokhazikika manja amakuzolowera, koma kulumphalumphako sikuzolowereka.

Gawo lalikulu la ping limabwera ndi mtunda, ndipo palibe rauta imene ingaufupikitse. Kuwala koyenda m'waya wa faiba kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, kutanthauza kuti makilomita 100 alionse amawonjezera milisekondi imodzi pa ulendo wopita ndi kubwera. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,500 molunjika, ndiye kuti ping singatsike kupitirira 15. Ku London ndi pafupifupi 8,000, ndiye kuti 80. Komatu mawaya sayenda molunjika. Dziko la Malawi lili kutali ndi nyanja yamchere, choncho intaneti yake imadutsa m'maiko oyandikana nalo monga Tanzania ndi Mozambique kuti ikalumikizane ndi mawaya apansi panyanja monga SEACOM, amene anayamba kugwira ntchito mu 2009, ndi EASSy wa mu 2010. Uthenga wopita ku Europe ukazungulira choncho, ping yoposa 150 si yachilendo, kaya rauta yanu ndi yodula bwanji. N'chifukwa chake chinthu choyamba kuyang'ana chili m'gemu momwemo: kodi mwasankha seva ya kuti? Kampani ya Valve ili ndi maseva a Counter-Strike ndi Dota 2 ku Johannesburg. Microsoft inatsegula nyumba zake zosungiramo maseva ku Johannesburg ndi Cape Town mu 2019, nayo Amazon inatsegula ku Cape Town mu 2020, ndipo zimenezi zinatsegulira njira makampani a magemu ofuna kuika maseva pafupi ndi ife. Ngati gemu yanu ili ndi seva ya ku South Africa, kuisankha n'kwaulere, ndipo kumadula ping kuposa chilichonse chimene mungagule m'shopu.

Kuti mudziwe ngati wolakwa ndi rauta, mufunika laputopu ndi mphindi khumi zamadzulo, nthawi imene aliyense ali pakhomo ndipo foni zonse zalumikizidwa. Khalani pamalo pomwe gemu imaseweredwera. Pa Windows tsegulani Command Prompt n'kulemba ping -t ndi adiresi ya rauta yanu, imene imalembedwa pakapepala komatidwa kunsi kwake: marauta ambiri ndi 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, a Huawei oika simu kawirikawiri ndi 192.168.8.1. Tsegulani windo lachiwiri n'kulemba ping -t 8.8.8.8, imene ndi adiresi ya Google. Manambala ayamba kutsika m'mawindo onse awiri, mzere umodzi sekondi iliyonse. Windo loyamba likukuuzani za m'nyumba mwanu mokha. Pa Wi-Fi yabwino lizionetsa mamilisekondi ochepa, 2, 3, 5. Likamalumphira pa 80 kapena 200, kapena kulemba kuti uthenga sunabwerere, vuto lili pakati pa mpando wanu ndi rauta, ndipo limeneli n'lotheka kukonza. Windo loyamba likakhala bata koma lachiwiri n'kumavina, uzani wina m'nyumbamo atumize kanema wamkulu pa WhatsApp, inu maso ali pa manambala. Akakwera pamene kanema akupita n'kutsika akangomaliza, mwaupeza mlandu umene rauta yabwino imathetsadi. Koma akamavina ngakhale aliyense atazimitsa foni, nkhani ili kwa amene amakugulitsani intaneti kapena pa nsanja ya netiweki ya m'dera lanu, ndipo rauta yatsopano siithandiza.

Vuto la m'nyumba, lija la windo loyamba, mankhwala ake otsika mtengo ndi waya. Pa Wi-Fi zipangizo zimalankhula mosinthana, china chikamalankhula zinazo zimadikira, ndipo uthenga ukasokonezeka m'mlengalenga umatumizidwanso. Waya wa Ethernet alibe zonsezo: ping ya pakati pa makina ndi rauta imatsikira pansi pa milisekondi imodzi n'kukhazikika pomwepo. Waya wa Cat5e kapena Cat6 amagwira bwino mpaka mamita 100, ndiye palibe nyumba yokhalamo anthu imene angalephere kufika kuchipinda. PlayStation ndi Xbox zili ndi polowetsa wayayu. Nintendo Switch yoyamba ija imafuna kachipangizo kolumikizira pa USB, pamene ya OLED imene inatuluka mu 2021 ili napo kale pa dock yake. Ndikudziwa kuti eni nyumba ambiri safuna kuona waya akuyenda pakhoma la pabalaza, ndipo ngati muli pa lendi simungabowole khoma mwachisawawa. Alipo mawaya opyapyala amene amadutsa kunsi kwa chitseko n'kutsata m'mphepete mwa khoma ndi timisomali tapulasitiki. Ndi kukangana kwa tsiku limodzi ndi amayi a m'nyumba, pambuyo pake palibe amawaonanso.

Mukamasankha rauta, choncho, itembenuzeni muone kumbuyo. Ikhale ndi malo okwanira olowetsa mawaya, ndipo akhale a Gigabit. Marauta ambiri otsika mtengo amalonjeza liwiro lalikulu pa Wi-Fi pamene mabowo awo ndi a 100 Mbps. Mwachitsanzo, TP-Link Archer C50 ndi Archer C6 zonse zimalembedwa AC1200, koma ya C50 mabowo ake ndi a 100 Mbps pamene ya C6 ndi a Gigabit. Pa gemu yeniyeniyo 100 Mbps ndi yokwana, koma tsiku limene mudzakhale ndi intaneti yothamanga, mabowowo ndiwo adzakhale chotchinga.

Tsopano nkhani ya kanema wa pa WhatsApp ija, imene kwa ine ndiyo chifukwa chenicheni chogulira rauta ina. Taganizani muli kuchigayo: mwabwera ndi kambale ka chimanga ka phala la mwana, koma patsogolo panu pali anthu atatu a matumba odzadza. Chigayo chikugaya mwamphamvu, palibe chawonongeka, koma inu muima mpaka matumba onse athe. Umu ndi momwe rauta wamba imachitira. Kanema wa mlongo wanu, zithunzi zimene foni ya bambo ikusunga ku Google Photos, ndi update ya laputopu zimaunjikana pamzere umodzi, ndipo kauthenga ka gemu kamaima kumbuyo kwa zonsezo. Opanga zipangizo, pofuna kuti uthenga usatayike, anapangitsa mizereyi kukhala yaitali kwambiri, ndipo zotsatira zake n'zakuti intaneti ikadzadza ping imatha kukwera ndi mamilisekondi mazanamazana. Katswiri wina wa ku America, Jim Gettys, ndiye anatchukitsa vutoli mu 2010 polipatsa dzina lakuti bufferbloat. Mu 2012 Kathleen Nichols ndi Van Jacobson anatulutsa njira yoyendetsera mizereyi yotchedwa CoDel, ndipo kuchokera pamenepo panabadwa fq_codel, kenako CAKE. Njira ziwiri zomalizazi zimagawa mzere umodzi uja kukhala mizere yambiri, uliwonse n'kumalandira mpata wake, ndipo timauthenga ting'onoting'ono timaloledwa kudutsa msanga. Kanema amafikabe, mwina mochedwa ndi masekondi ochepa amene mwini wake sangawazindikire, koma wosewera samva kanthu.

Pa rauta, zimenezi muzipeza pansi pa dzina lakuti SQM, kapena mudzaona mawu akuti fq_codel kapena CAKE. Chenjerani ndi mawu akuti QoS okha. Pafupifupi rauta iliyonse ili ndi tsamba la QoS, koma zambiri zimangokulolani kusankha chipangizo chimodzi kuti chikhale patsogolo, ndipo zina sizichita chilichonse chooneka mukaziyesa. SQM yeniyeni imapezeka pa marauta oyendera OpenWrt, pulogalamu yaulere imene imaikidwa pa marauta ambiri ndipo ndiyo maziko a marauta a GL.iNet. Imapezekanso pa MikroTik yokhala ndi RouterOS 7, ngakhale kuti imeneyi kuikonza kumafuna munthu wodziwa, ndiponso pa marauta ena a ASUS mukaikamo Asuswrt-Merlin. Ambiri mwa marauta amenewa ndi tizinthu tosaoneka bwino, topanda magetsi ofiira ndi tinyanga ta mbali zonse, ndipo mtengo wake suyandikira n'komwe wa zija zolembedwa Gaming.

Kuikonza sikovuta koma kumafuna kudzichepetsa pang'ono. Yesani liwiro la intaneti yanu kangapo, ndiye muuze rauta kuti izigwiritsa ntchito 85 kapena 90 peresenti ya liwirolo, potsitsa ndi pokweza pomwe. Mukutaya kachigawo ka liwiro dala, n'cholinga chakuti mzere uzipangika m'rauta yanu, mmene mungaulamulire, m'malo mopangika ku nsanja kapena ku makina a kampani. Samalani kwambiri nambala ya pokweza, chifukwa ndiyo imakhala yaing'ono ndipo ndiyo imadzadza msanga. Amene ali pa faiba zimawayendera mosavuta popeza liwiro lawo silisinthasintha. Amene ali pa 4G kapena Starlink, liwiro la m'mawa ndi la madzulo n'zosiyana, ndiye ikani nambala ya madzulo, yotsikayo. Zimapweteka kuona liwiro la m'bandakucha likutayika, koma gemu simuisewera m'bandakucha. Mukamaliza, bwerezani kuyesa kuja kwa mawindo awiri ndi kanema.

Manambala akuluakulu a pakatoni musawakhulupirire kwambiri. AX3000 sikutanthauza kuti foni yanu ilandira 3,000 Mbps. Angophatikiza 574 ya pa 2.4 GHz ndi 2,402 ya pa 5 GHz, pamene chipangizo chimodzi chimakhala pa mbali imodzi yokha, ndipo ngakhale manambala amenewo ndi a m'chipinda choyesera. Chofunika n'chakuti rauta ikhale ndi mbali zonse ziwiri. Ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imadutsa makoma, koma ili ndi njira zitatu zokha zosawombana, 1, 6 ndi 11, zimene mumalimbirana ndi aneba onse, Bluetooth, ngakhalenso mayikulowevu ya kukhitchini. Ya 5 GHz ili ndi njira zambiri ndipo imakhala yabata, koma makoma a njerwa zootcha amaifooketsa msanga. Kwa osewera pa foni, a PUBG Mobile, Free Fire kapena eFootball, amene waya sawakhudza, 5 GHz ndiyo yofunika. Ipatseni dzina lakelake losiyana ndi la 2.4 GHz kuti foni isamadumphire yokha ku mbali yodzadzayo gemu ili mkati.

Wi-Fi 6, imene inayamba kufala mu 2019, imayendetsa bwino nyumba ya zipangizo zambiri kuposa Wi-Fi 5, ndipo ngati mtengo sukusiyana kwambiri ndi yomwe ndingasankhe. Wi-Fi 6E ndi Wi-Fi 7 ya mu 2024 ndi zabwino, koma phindu lake limaoneka pokhapokha chipangizo chanu nacho chikuzimva. PlayStation 5 imamva Wi-Fi 6, Xbox Series X ndi S zimathera pa Wi-Fi 5, ndipo PlayStation 4 yoyamba ija imamva 2.4 GHz yokha, moti imeneyo ingoipatsani waya basi.

Rauta iikeni pamalo okwera, poonekera, chapakati pa nyumba. Osaibisa m'kabati kapena kuseri kwa TV. Nyumba ikakhala yaikulu kapena muli ndi boyizikota kuseri, pewani tizipangizo tongobwereza siginolo tija tolowetsa pa soketi. Timalandira uthenga n'kuutumizanso pa njira yomweyo, motero liwiro limatsika pafupifupi ndi theka ndipo ping imasokonekera. Ndi bwino kukoka waya n'kuika rauta yachiwiri kumeneko kuti izingopereka Wi-Fi.

Makomo ambiri kwathu kuno alibe faiba, intaneti imabwera pa simu ya Airtel kapena TNM. Apa rauta ndiyonso imalankhula ndi nsanja, ndiye kusankha kwake kuli ndi zina zoonjezera. Ka MiFi ka m'thumba n'kabwino paulendo, koma kambiri kalibe polowetsa waya ndipo kamatentha kakakhala pa chaja tsiku lonse. Pezani rauta ya pakhomo yeniyeni. Yolembedwa Cat 4 imathera pa 150 Mbps, pamene ya Cat 6 kapena kuposa imatha kulumikiza mabandi awiri a netiweki nthawi imodzi ngati nsanja ikulola, zimene zimathandiza madzulo anthu akachuluka. Ikhale ndi polumikiza eriyo yakunja, chifukwa denga la malata ndi makoma okhuthala zimadya siginolo, ndipo eriyo yoloza ku nsanja nthawi zambiri imakhazikitsa ping kuposa kusintha rauta. Funsaninso ngati inatsekeredwa ku kampani imodzi. Wogulitsa akati, "Iyi imatenga simu iliyonse, bwana," yankho lake n'lakuti, "Chabwino achimwene, tiyeni tiikemo yanga tione," ndipo muyese simu zonse ziwiri muli pomwepo. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, masetilaiti ake amayenda pamtunda wa makilomita mazana ochepa okha, choncho ping yake ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi ya masetilaiti akale a pa makilomita oposa 35,000, amene ping yawo inkafika cha m'ma 600. Imadana ndi mitengo ndi madenga otchinga thambo: nthambi imodzi ya mango imatha kudula gemu kwa masekondi angapo mobwerezabwereza. Ngati mukufuna kuikapo rauta yanu ya SQM, rauta ya Starlink ili ndi bypass mode, koma ya m'badwo wachiwiri ilibe polowetsa waya mpaka mutagula kachipangizo kapadera.

Pali dandaulo lina limene silikhudza ping: gemu ikukana kukulumikizani ndi mnzanu, kapena simukumvana pa maikolofoni. Imeneyi ndi nkhani ya NAT. PlayStation imaonetsa Type 1, 2 kapena 3, Xbox imati Open, Moderate kapena Strict. Type 2 kapena Open ndi zabwino, Type 3 ndi Strict ndizo zimavuta. Yatsani UPnP pa rauta, ndipo nthawi zambiri zimathera pomwepo. Zikakana, onani ngati muli ndi marauta awiri otsatizana, ya kampani ndi yanu. Ikani ya kampaniyo pa bridge mode kuti ntchito yonse izigwira yanu. Zikakanabe, lowani pa tsamba la rauta muone adiresi imene yalandira kuchokera kunja. Ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, kapena yoyamba ndi 10, ndiye kuti kampani yakuikani pa adiresi imodzi ndi makasitomala ena ambiri, zimene amazitcha CGNAT. Makampani ambiri a simu amachita zimenezi, nayonso Starlink pa mabandulo ake wamba. Palibe batani la m'rauta yanu limene lingasinthe zimenezo. Funsani kampaniyo ngati ingakupatseni adiresi yanuyanu kapena IPv6. Mwamwayi, magemu ambiri amasiku ano amadutsira pa maseva a kampani yawo, ndiye amaseweredwa bwinobwino ngakhale pa CGNAT.

Za rauta zakale zogula pa msika kapena zobwera ndi achibale kuchokera kunja, zambiri n'zabwino, koma fufuzani ngati kampani yake ikutulutsabe firmware yatsopano ya mtundu umenewo. Rauta yosiyidwa imakhala ndi zofooka pa chitetezo zimene akuba apaintaneti amazidziwa. Mu 2016 pulogalamu yoipa ya Mirai inalanda zipangizo zambirimbiri zotere pongoyesa mapasiwedi amene zinabwera nawo kufakitale. Tsiku loyamba lomwelo sinthani pasiwedi yolowera pa tsamba la rauta, ikani WPA2 kapena WPA3 pa Wi-Fi, zimitsani WPS. Pasiwedi ikafalikira kwa aneba, ndiye kuti mwawonjezera anthu pamzere uja komanso bandulo ikutha msanga. Alendo apatseni netiweki ya alendo, imene marauta ambiri ali nayo, ndipo muziisintha pasiwedi.

Bandulo imathanso ndi ma update. Ola la gemu limadya data yochepa, koma gemu imodzi ya Call of Duty imatha kupitirira 100 GB poitsitsa, ndipo PlayStation kapena Xbox yosiyidwa pa mpumulo imatsitsa yokha zinthu usiku ndi usana. Zimitsani kutsitsa kodzichitikira kokhako, muzitsitsa nokha pa nthawi imene bandulo yanu ikulola.

Pa bajeti siyanipo ya magetsi. Rauta imadya mawati ochepa, kawirikawiri osapitirira 15, ndipo zambiri zimayendera 12V, ndiye ka UPS kakang'ono ka batire kamatha kuisunga yoyaka kwa maola angapo magetsi akazima. Wosewera pa foni kapena laputopu amapitiriza osadziwa n'komwe kuti kwada. Musanagule, werengani zolembedwa pa chaja ya rauta: ma volt afanane ndendende, ma amp a UPS akhale ofanana kapena oposa, ndipo kamutu kolowetsa kakwane, chifukwa marauta ena ndi a 9V kapena 5V, ndipo kuwapatsa 12V n'kuwaotcha. Ngati muli pa faiba, kabokosi ka kampani kamene faiba imalowamo nako kakufunika batire, apo ayi rauta iziyaka yopanda intaneti. Nyengo ya mvula, mphenzi zikayamba, zulani pulagi pakhoma pamodzi ndi waya aliyense wochokera panja, makamaka wa eriyo ndi uja wopita ku boyizikota.